Kodi Kukondwa ndi Zinthu Zazing'ono Ndi Kugonja?

Nyengo ya dzinja yapitayi tidapita kukapereka nsembe ya Misa ku tchalitchi lina laling'ono la kumudzi, nthambi ya parishi yathu. Mvula idagwa yamphamvu masana onse, mtsinje udadzaza, ndipo njinga yathu yamoto sidathe kuoloka. Motero tidagona kwa aphunzitsi ena a pa sukulu ya pulaimale yapafupi, bambo a zaka zopitirira 40, amene akhala akuphunzitsa Sitandade 7 kwa zaka zambiri. Usiku umenewo pakhonde pa nyumba yawo padabuka nkhani imene yakhala ikutivutitsa maganizo mpaka lero, ndipo tafuna kuti tiisinkhesinkhe pamodzi ndi inu, makolo ndi ana a m'mabanja athu achikhristu.

Tiyambe talongosola tsiku la aphunzitsi ameneŵa, pakuti ambiri a ife timangoŵaona atamanga tayi Lolemba m'maŵa, zotsalazo osazidziŵa. Amadzuka kusanache, nayamba aponya khasu pang'ono m'munda wa kuseri kwa nyumba. Nthaŵi ikamakwana 7 koloko amakhala ali kale pabwalo la sukulu, pamene mnyamata wina akumenya chitsulo cha gudumu la galimoto chimene adachipachika pa mtengo wa mango, poti ndilo belu lawo. M'kalasi mwawo muli ana opitirira 90. Ena amapanikizana pa madesiki, ena amakhala pansi, ndipo buku limodzi amaliŵerenga ana atatu kapena anayi. Akaŵeruka amasenza mtolo wa makope kupita nawo kunyumba, ndipo madzulo amachonga ntchito ya ana pa kuŵala kwa nyale ya sola mpaka maso kuŵaŵa.

Titamva zonsezi tidaŵafunsa kuti, "Aphunzitsi, pa moyo woterewu, chimene chimakusangalatsani n'chiyani?" Iwo adaseka nati, "Abambo, n'zambiri ndithu, koma mukazimva museka." Tsono adayamba kutchula. Adanena za tiyi ndi mbatata yophika amene amamwa pakhonde masana atavula nsapato. Adanena za fungo la makope atsopano pa sabata yoyamba ya teremu, za bawo imene amaseŵera ndi mnzawo pansi pa mtengo Loŵeruka, za wailesi yawo pa tsiku limene Bullets ndi Wanderers akumana, ndiponso za matimati a m'dimba mwawo akayamba kupsa. Kenaka adakhala chete pang'ono, nati, "Koma chachikulu ndi ichi, Abambo. Pali kamtsikana kena kamene kadavutika sabata ziŵiri ndi masamu ogaŵa. Lachinayi lapitali kadakweza dzanja nkuti, 'Sala, ndamva tsopano.' Tsiku limenelo ndidadya nsima ya nkhwani ngati ndikudya nkhuku."

Pakhondepo padalinso mlamu wawo, amene amachita malonda m'tauni ndipo adabwera kudzaona mlongo wake. Iyeyu sadaseke nawo. Adati, "Alamu, zimenezi ndiye zimene zakumangani miyendo. Anzanu amene mudaphunzira nawo ali ndi magalimoto, inu mukukamba za tiyi ndi matimati." Kenaka adatembenukira kwa ife nati, "Ndipo inu Abambo, musandimve molakwa, koma ansembe ndinu amene mumagoneka anthu tulo. Mumaŵauza kuti azikhutira ndi zochepa, tsono amene ayenera kuŵalipira bwino sakhala ndi nkhaŵa, poti wodandaula palibe."

Tivomere poyera kuti usiku umenewo sitidayankhe bwino. Funso lake n'lolemera, ndipo silikhudza aphunzitsi okha. Likukhudza mlimi, namwino, mlonda, ndi mayi aliyense amene amayendetsa banja ndi ndalama zosakwana. Kodi munthu amene amapeza chimwemwe m'zinthu zazing'ono ndi wanzeru, kapena ndi munthu wogonja amene wangozoloŵera goli lake? Ndipo ife amene timalalikira za kukhutira, kodi tikuthandiza anthu kapena tikuŵanamiza?

Zoona zimene zili m'mau a mlamu

Si chilungamo kukankhira kumbali mau a mlamu uja, chifukwa muli zoona zambiri. Ntchito ya uphunzitsi m'dziko muno ndi yolemetsa, ndipo kulemera kwakeko kuli ndi mbiri yake. M'chaka cha 1994 boma lidathetsa fizi ku sukulu za pulaimale. Chidali chinthu chabwino kwambiri, pakuti ana a anthu osauka adapeza khomo lotsekuka. Koma chiŵerengero cha ana a sukulu chidalumpha kuchoka pa ana pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, pamene zipinda zophunziriramo ndi mabuku sizidachuluke ndi liŵiro lomwelo. Aphunzitsi zikwi zambiri adalembedwa ntchito asadaphunzire mokwanira za uphunzitsi, ndipo makalasi ambiri adakhala pansi pa mitengo. Katundu yense uja adagwera pa mapewa a mphunzitsi. Tikumbukenso kuti mu November 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo aliyense wolandira pamwezi adaona kuti ndalama yomweyo siikudzazanso dengu limene inkadzaza.

Mpingo sudaphunzitsepo kuti zinthu zotere zilibe kanthu. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya chaka cha 1891 yotchedwa Rerum Novarum, adanenetsa kuti malipiro a wantchito ayenera kukhala okwanira kumsunga pa moyo woyenera munthu. Papa John Paul II, m'kalata ya Laborem Exercens ya chaka cha 1981, adabwerezanso za malipiro okwanira kusamala banja ndi za ufulu wa antchito wokhala ndi mabungwe oŵayankhulira. Kuno kwathu, pa 8 March 1992, m'matchalitchi onse a Katolika mudaŵerengedwa kalata ya Aepiskopi athu ya nyengo ya Lenti. Ambiri amaikumbuka chifukwa cha ndale, koma kalatayo idadandaulanso za malipiro ochepa a antchito, za kudzaza kwa ana m'makalasi, ndi za kusoŵa kwa aphunzitsi ndi zipangizo zophunzirira. Choncho wansembe amene angauze mphunzitsi kuti angotseka pakamwa n'kumamwetulira, ndiye kuti sakuphunzitsa za Mpingo, akuphunzitsa zake.

Palinso china chimene ife ansembe tiyenera kuchimva, ngakhale n'choŵaŵa. N'chapafupi kulalikira za kukhutira ndi zochepa pamene iwe ukudziŵa kuti ukabwerera kunyumba ya ansembe ukapeza chakudya pathebulo, ndipo palibe mwana amene akudikira fizi ya ku sekondale kwa iwe. Mbiri ya John Baptist de La Salle woyera imatichititsa manyazi pamenepa. Iyeyu adabadwira m'banja lolemera ku Reims m'dziko la France m'chaka cha 1651, ndipo adali wansembe wa udindo wolandira ndalama zambiri pa tchalitchi lalikulu la mzindawo. Adasonkhanitsa aphunzitsi osauka kuti aziphunzitsa ana a amphaŵi, ndipo ankaŵalimbikitsa kuti azidalira Mulungu osadera nkhaŵa za maŵa. Aphunzitsiwo adamuyankha mosabisa kuti kwa iye n'chapafupi kulankhula motero, popeza sukuluzo zikadagwa iye akadatsala ndi chuma chake, pamene iwo akadatsala opanda kanthu. Iye sadakwiye. M'chaka cha 1683 adatula pansi udindo uja, ndipo pa njala imene idagwa nyengo yomweyo adagaŵira anthu osauka chuma chake. Apo ndi pamene mau ake adayamba kumveka. Papa Pius XII adamuika kukhala nkhoswe ya aphunzitsi m'chaka cha 1950. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti munthu alibe ufulu wonse wolamula mnzake kukhutira ndi katundu amene iye mwini sadamusenzepo.

Pamene mlamu adaphonya

Komabe, titasinkhasinkha masiku ambiri, taona kuti mlamu uja adasokoneza zinthu ziŵiri zimene zimafanana pamaso koma n'zosiyana pamtima: kukhutira ndi kutaya mtima. M'maganizo mwake, munthu sayenera kukondwa mpaka zonse zitakonzeka. Koma zikadakhala choncho, ndani pa dziko lino akadakondwapo? Aphunzitsi aja akadati adikire tsiku limene kalasi lawo lidzakhale ndi ana 40 ndi buku la mwana aliyense, ndiye kuti akadapuma pa ntchito asadalaŵepo chimwemwe ngakhale tsiku limodzi. Moyo wawo wonse ukadakhala chikole m'manja mwa anthu ena. Umphaŵi umalanda munthu zinthu zambiri, koma ngati umlandanso kukoma kwa tiyi wake ndi kuseka kwa ana ake, ndiye kuti wamgonjetsa kaŵiri.

Nanga tingasiyanitse bwanji munthu wokhutira ndi munthu wotaya mtima? Tiyang'ane maso ake. Munthu wotaya mtima amaleka kuona. Mphunzitsi wotaya mtima amaloŵa m'kalasi, nalemba ntchito pabolodi, nakhala pampando kudikira belu. Kwa iye ana 90 aja ndi gulu chabe la mitu. Sangadziŵe kuti kamtsikana kena kakuvutika ndi masamu ogaŵa, ndipo sangakondwe pa tsiku limene kamva, popeza sadaone n'komwe kuti kankavutika. Aphunzitsi athu aja adakondwa Lachinayi chifukwa kwa sabata ziŵiri adali akuyang'ana. Chimwemwe chawo chidali mboni yakuti ntchito yawo sadaitaye. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kotere si kwa munthu wogona tulo.

Tidamvanso m'maŵa mwake kuchokera kwa akuluampingo kuti aphunzitsi omweŵa ndiwo amene sakhala chete pa misonkhano ya komiti ya sukulu. Ndiwo adaumiriza makolo kuumba njerwa za chimbudzi cha atsikana, ndipo ndiwo amalemba makalata opempha madesiki mosatopa. Tsono munthu mmodzi yemweyo amatha kusekerera matimati ake madzulo, m'maŵa mwake n'kukafunsa chilungamo molimba mtima. Ziŵirizi sizilimbana. Ife tikuona kuti choyambacho ndicho chimapatsa mphamvu chachiŵiricho, pakuti munthu wodzaza ndi mkwiyo amapsa msanga ngati moto wa mapesi, pamene munthu amene ali ndi pokhazikitsira mtima amatha kugogoda pa khomo limodzi kwa zaka khumi.

Uta wokoka nthaŵi zonse

Aphunzitsi akale a Mpingo adaiganizira nkhani imeneyi. Thomas Aquinas woyera, amene adamwalira m'chaka cha 1274, adaphunzitsa kuti monga thupi limatopa nilifuna kupuma, mtima ndi nzeru nazonso zimatopa, ndipo kupuma kwake ndi chisangalalo. Adakumbutsa nkhani yakale yonena za Yohane mtumwi. Anthu ena adakhumudwa atampeza akuseŵera ndi ophunzira ake. Iye adauza mmodzi wa iwo, amene adali ndi uta, kuti aponye mivi motsatizana, kenaka adamfunsa ngati angathe kupitiriza osaleka. Munthuyo adayankha kuti utawo ungathyoke. Yohane adati mtima wa munthu ulinso chimodzimodzi. Choncho kwa Thomas woyera, kudziŵa kusangalala moyenera ndi ukoma ndithu, ndipo munthu amene amakana chisangalalo chilichonse nasanduka mtolo kwa anzake ali ndi chilema pa khalidwe lake.

Tonse tidaphunzirapo kwa aphunzitsi amene uta wawo udathyoka. Timaŵakumbuka ndi mkwapulo umene sunkachoka m'manja mwawo, ndi mau onyoza amene adatsekera ana ena pakamwa mpaka kalekale. Kaŵirikaŵiri sadali anthu oipa. Adali anthu otopa amene sadapeze popumira, ndipo kutopa kwawo adakutula pa misana ya ana. Choncho bawo ya Loŵeruka ija, imene mlamu adaiona ngati kutaya nthaŵi, ana a Sitandade 7 ndiwo amadya phindu lake Lolemba m'maŵa.

Koma tisathamange kunena kuti chisangalalo chilichonse chaching'ono n'chabwino. Augustine woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene adamwalira m'chaka cha 430, adatichenjeza kuti Mulungu yekha ndiye woyenera kuti mtima wathu ukhazikike mwa Iye, ndipo zolengedwa zonse n'zotithandiza pa ulendo wopita kwa Iye. Mthunzi wa mtengo wa m'mbali mwa njira ndi mphatso kwa wapaulendo, koma akagona pomwepo mpaka dzuŵa kuloŵa, sakafika kwawo. Bawo yomwe ija ikamaseŵeredwa pa nthaŵi ya sukulu, ana ali okha m'kalasi, yasanduka kuba. Botolo limodzi la pa tsiku la malipiro likabala ena asanu, mayi kunyumba n'kumakongola mchere kwa anansi, ndiye kuti chimene chidayamba ngati kupuma chasanduka ukapolo. Makolo athu adachiona chimenechi pamene adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Tsono muyeso wake tingauike m'mafunso aŵiri amene aliyense wa ife angadzifunse madzulo asanagone. Loyamba: kodi chisangalalo changachi chimandibwezera ku ntchito yanga ndi kwa anthu anga ndili wamphamvu, kapena chimandithaŵitsa kwa iwo? Lachiŵiri: kodi amene akulipira mtengo wake ndani, ine mwini kapena mkazi wanga, ana anga ndi ana a eni? Tiyi wa pakhonde uja amapambana pa mafunso onse aŵiri. Ndipo munthu akamamwa tiyi wotere ndi mtima wothokoza, sali kutali ndi pemphero, pakuti kuthokoza ndiko kuzindikira kuti pali wina amene wapereka.

Zimene ana amaŵerenga pankhope

Pali chifukwa china chimene nkhaniyi ili yofunika makamaka kwa aphunzitsi a makalasi a Sitandade 6, 7 ndi 8. Ana a m'makalasi ameneŵa ali pa mphambano. Salinso tiana tongomvera chilichonse, komanso sadakhwime. Pa msinkhu umenewu mnyamata amayamba kuŵerengera ndalama zimene mnzake akupeza pa ganyu, ndipo mtsikana amayamba kumva mau a banja, ngakhale kuti m'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asaloŵe m'banja asanakwane zaka 18. Lamulo lilipo, koma mwana sasankha njira yake poŵerenga malamulo. Amayang'ana munthu wophunzira amene ali naye pafupi, ndipo kumudzi munthu ameneyo nthaŵi zambiri ndi mphunzitsi. Mumtima mwake mwana amafunsa kuti, kodi sukulu imabala munthu wotani?

Akaona munthu wokwinya nkhope tsiku ndi tsiku, wonena poyera kuti adaloŵa uphunzitsi chifukwa chosoŵa kwina, mwanayo amatola phunziro limene silidalembedwe pabolodi: kuti maphunziro ndi njira yaitali yopita ku madandaulo. Koma akaona munthu wosauka ngati makolo ake, amene komabe nkhope yake imaŵala pofotokoza za kayendedwe ka mitambo kapena za mbiri ya dziko, amazindikira kuti kudziŵa zinthu kuli ndi kukoma kwakekwake. Ana sanamizika pa zimenezi. Kumwetulira kwachiphamaso amakuzindikira msanga kuposa akuluakulu. M'mera mpoyamba, ndipo zimene mwana wa zaka 13 waona mwa mphunzitsi wake zimamtsata mpaka ukalamba.

Tikumbukenso kuti Ambuye athu Yesu adakhala zaka pafupifupi 30 ku Nazarete, m'mudzi wosatchuka, akugwira ntchito ya manja. Zaka za kulalika zidali zoŵerengeka, ndipo zochuluka zidatha ndi matabwa, chakudya cha pabanja ndi macheza a anansi. Mafanizo ake adadzaza ndi mbeu, nyale, mchere, ufa ndi nkhosa, zinthu zimene amaziona munthu amene adakhala nthaŵi yaitali akuyang'anitsitsa moyo wa masiku onse mwachikondi. Ngati Mwana wa Mulungu sadaone kuti masiku otere ngotayika, ife tisafulumire kunyoza moyo wa munthu chifukwa ulibe zotchuka.

Mbali yathu ife makolo

Tsono yankho lathu kwa mlamu uja ndi ili. Kukondwa ndi zazing'ono ndi ukoma pamene kukuchokera mumtima mwa mwini wakeyo. Koma kumasanduka chinyengo pamene ife ena tikugwiritsa ntchito ngati chophimbira udindo wathu. Aphunzitsi ali ndi ufulu wonena kuti, "Tiyi wangayu wandikwanira lero." Ife tilibe ufulu woŵauza kuti, "Tiyi wanuyo akukwanireni." Mau n'ngofanana, koma oyambawo ndi kuthokoza, achiŵiriwo ndi kuthaŵa ngongole.

Msonkhano waukulu wa Vatican II, m'chikalata chake cha chaka cha 1965 chonena za maphunziro achikhristu, udanena kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana awo. Ndiye kuti mphunzitsi wa kusukulu akusenza katundu amene mwini wake weniweni ndi ife. Nanga tikumthandiza bwanji? Ambiri a ife timaponda pa sukulu pokhapokha mwana akalangidwa kapena akalephera mayeso a Sitandade 8, ndipo timapita titakwiya. Ndi angati amene adapitapo kukangonena kuti zikomo? Denga la nyumba ya aphunzitsi likamadontha, timadutsa ngati sitikuona, chonsecho mphakati umodzi ungathe kulikonza Loŵeruka limodzi. Msonkhano wa makolo ukaitanidwa, pabwalo pamakhala anthu oŵerengeka. Ndipo pamene aphunzitsi akupempha zoŵayenera m'njira yamtendere, mau athu ayenera kumveka pamodzi ndi awo, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kunyumba nakonso tili ndi ntchito. Mwana amene amamva atate ake akunyoza mphunzitsi pa nthaŵi ya chakudya sangamlemekeze m'kalasi. Mwana amene amamva tsiku ndi tsiku kuti munthu wopambana ndi yekhayo amene ali ndi galimoto adzakula ndi njala imene palibe malipiro angaithetse. Tiphunzitse ana athu kufuna chilungamo, ndipo tiŵaphunzitsenso kumva kukoma kwa chimanga choyamba chootcha, kwa nthano za agogo ndi kwa pemphero la madzulo la banja lonse. Akasoŵa choyambacho adzaponderezedwa, ndipo akasoŵa chachiŵiricho adzakhala osauka ngakhale atalemera.

M'maŵa mwake mtsinje utaphwa tidatsazika. Tidasiya aphunzitsi aja akupukuta nsapato zawo pakhonde, mtolo wa makope ochonga uli pambali, ndipo mlamu wawo akuŵathandiza kupopa njinga. Sitikudziŵa ngati aŵiriwo adagwirizana. Chimene ife tidatsimikiza ndi chakuti pa 7 April, tsiku lokumbukira John Baptist de La Salle woyera, tidzaitana aphunzitsi onse a m'parishi ku Misa yoŵapempherera, ndipo Misa ikadzatha tidzakhala pansi ndi makolo kukambirana za madenga odontha aja. Tikupempha kuti nanunso m'maparishi mwanu muganizirepo, ndipo sabata ino mufunse mwana wanu dzina la mphunzitsi wake, mupite mukampatse moni.